Tsiku Limene Tinakankha Njinga pa Chitunda cha Kuchigayo

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno tilipo ndithu, kupatula bondo la ababa limene limayamba kudandaula kukangozizira pang'ono. Ndikudziwa kuti a Nangozo, anzanu aja a kufupi ndi chigayo, afika kale kumeneko. Ndipo poti mayi amene aja ndimawadziwa, ndikukhulupirira kuti asanakhale n'komwe pansi anali atayamba kale kukusimbirani za ine. N'chifukwa chake ndati ndifulumire kukulemberani, mumve kwa mwiniwake nkhani isanathiridwe mchere wambiri. Zoti ndinagula njinga yamoto yaikulu n'zoona. Zoti ndimavala buluku n'zoonanso. Koma akakuuzani kuti ndimauluka m'mwamba, muwauze kuti achepetseko.

Ndiyambe ndi zapakhomo, chifukwa ndikayamba ndi njinga mundidula pakamwa. Mchemwali wanga Malita anachira, mwana wamkazi. Tinamutcha Eneresi, dzina lanu, ndipo sitinalakwitse. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwinya nkhope ngakhale bambo ake amayamba kudzifunsa chimene alakwa. Chimanga chinachita bwino kumunda wa kuchulu, nkhokwe inadzaza mpaka tinachita kubwereka matumba. Mtedza ndiye unatinamiza, masamba obiriwira bwino pamwamba, pokumba makoko okhaokha. Fodya ababa anasiya, akuti msana wawo sungalimbanenso ndi chigafa choumitsira fodya. Tsopano akulima soya, ndipo tsiku lililonse amamunyoza kuti ndi mbewu ya anthu aulesi, koma chaka chino awonjezera mizere. Mjigo unawonongeka nthawi ya mvula, amayi a m'mudzi anavutika ndithu mpaka unakonzedwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma khalidwe silinasinthe, inalowanso m'dimba mwa a Lufeyo, anzawo aja a ababa, n'kumaliza mpiru wonse.

Njinga yanu yakapalasa ikadali pakhonde pomwe munaisiya. Ababa amaipukuta, amathira oilo patcheni, amapopa matayala, koma palibe amene amaloledwa kuikwera. Mwamuna wa Malita anaipempha tsiku lina kuti akagayitsire, anauzidwa kuti Mulungu anamupatsa mutu kuti azisenzera.

Tsopano ya njinga yangayo. Kuti muimvetse ndiyenera kubwerera ku tsiku limene tinakuperekezani, ngakhale sindikonda kulikumbuka. Anyamata anali atayala masamba pamsewu, kumunsi ndi kumtunda, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti pamudzi pali zovuta. Akabaza ankatsika n'kumakankha, a ngolo ankatsika n'kugwira ng'ombe pachingwe, amuna ankavula zipewa. Ndiye abusa ali mkati mwa pemphero, kunamveka chiphokoso kuchokera cha ku Nsaru. Anali anthu a m'tauni, pa njinga zamoto zikuluzikulu zija zoti wokwera amachita kugonera pathanki. Liwiro anachepetsa, sindingawanamizire. Koma njinga zimenezo zikamayenda pang'onopang'ono m'pamene zimabangula kwambiri. Anadutsa pakati pa masamba mmodzimmodzi, nkhope zili m'zisoti, fumbi lawo n'kudzatera pa maluwa a pabokosi lanu. Ameni wa abusa palibe amene anamumva.

Inu, amayi, amene munkatsika njinga pa maliro a munthu woti simukumudziwa n'komwe, dengu la tomato lili pakaliyala, mvula ikugwa! Ndimakumbukira tsiku lina ndili wamng'ono mutandikweza kumbuyo, ine ndikung'ung'udza kuti tichedwa kumsika. Munati, "Tsika. Maliro n'kulirana. Amene wagona m'nyumbamo nayenso anali ndi kumene ankathamangira." Ababa tsiku la maliro anu sanalire pamaso pa anthu. Koma pochokera kumanda ananena, mudzi wonse ukumva, kuti chinthu chotero chisadzaponde pabwalo pawo iwo ali moyo.

Ndiye mwana wawo yemwe n'kukagula chomwecho. Musandiyang'ane choncho, mlandu wina ndi wanu. Ndani anandiphunzitsa kupalasa pamene amayi anzanu ankati mtsikana wokwera njinga sadzakwatiwa? Kuntchito kwanga kwa ulangizi wa ziweto ku Namitete ndayendera kanjinga kamoto kakang'ono kaja zaka zonsezi, ndipo nthawi yonseyi mtima unkalakalaka yaikulu. Dokotala wina wobwerera kwawo atanena kuti akugulitsa yake, ndinagulitsa nkhumba zanga mtima usanasinthe. Ndi yachikasu ndi yakuda, yoning'a pakati, ndiye ndinaitcha Mavu.

Ndinkaganiza kuti ababa akadzaona kuti m'chisotimo muli mwana wawo, mtima udzagwa. Ndinadzinamiza. Tsiku loyamba kupita nayo kumudzi ndinawapeza pabwalo akukhomerera khasu mumpini. Sanakweze mawu. Anangoyang'ana tayala lakutsogolo limene linali litatsala pang'ono kulowa pampanda, n'kunena kuti, "Mwasochera, amayi. Msewu wa ku Kabudula ndi uwo." Ndinabwerera nayo cham'mbuyo. Kuyambira pamenepo Mavu ndinkamusiya kuchigayo, ine n'kumalizitsa wapansi, chisoti chili m'manja. Ababa ankandilandira ngati mlangizi wobwera kudzaona ziweto. Ankandifunsa za mankhwala a nkhupakupa, ndikayankha ankathokoza, basi. Dzina lija ankandiitana, Edi, linasowa pakamwa pawo. Zinkandipweteka, amayi, sindibisa. Ndinali nditataya kale kholo limodzi, ndipo ndinkaona kuti lachiwiri likundichoka lili moyo. Malita ankati ndingoigulitsa nkhani ithe. Ndinkagona ndi maganizo amenewo, kukacha n'kukapukutanso Mavu. Walira mvula walira matope, komanso liuma ndinayamwa kwa inu.

Anzanga okwera nawo ndinakumana nawo pa Msundwe. Linali Loweruka, ndikuthira mafuta, pamene gulu la njinga zazikulu linafika n'kudzaza malo onse. Wotsogolera anavula chisoti, n'kutuluka bambo wadazi, wamimba yake ndithu. Amenewo ndi a Chimwaza, dokotala wozula mano m'tauni. Anazungulira Mavu akugwedeza mutu, kenako anandifunsa kuti, "Achemwali, mwini wake walowera kuti?" Ndinangotulutsa makiyi n'kuwagwedeza. Bambo aja anaseka mpaka kutsamira pampu, anapepesa, n'kundiuza kuti njinga yotere kuyenda nayo wekha kuli ngati kupha nkhuku n'kudya utatseka chitseko. Anandiitana kuti ndidzayende nawo.

Sindinavomere msanga. Ndinawafunsa kaye ngati ndi iwo anadutsa pa maliro ena kupitirira Nsaru, msewu wa ku Kabudula, chaka chimene munatisiya. A Chimwaza anasiya kuseka. Anati, "Sindingakane, sindingavomere. Misewu imeneyo tinadutsamo kangapo, ndipo magulu okwera ndi ambiri. Koma ife tikaona masamba timachepetsa liwiro. Si ndiye ulemuwo?" Ndinawauza kuti umenewo ndi ulemu wa m'tauni. Kwathu umazima injini, umavula chisoti, umatsika n'kukankha mpaka utapitirira masamba enawo. Mnyamata wina wa njinga yofiira, dzina lake Yobe, amagulitsa mafoni, analowerera. "Asisi, zimenezo ndi za njinga zakapalasa. Iyi mukuionayi imalemera ngati ng'ombe. Ndikankhe ineyo?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma mawuwo ndinawasunga.

Komabe ndinalowa gululo, ndipo amayi, mukanaona! Timakumana Loweruka m'mawa pa filing'i siteshoni ya pa Mpingu dzuwa lisanapse. Muli anthu osiyanasiyana: ozula mano aja, mphunzitsi, makaniko, ndi mayi wina wa kubanki amene amayendetsa bwino kuposa amuna onse koma sadzitama. Tikavala zisoti timafanana, bwana sadziwika. Tisananyamuke aliyense amayang'anira mnzake matayala ndi tcheni. Pamsewu sitiyenda mwachipwirikiti ayi. Timatsatana motalikirana, wina chakumanja wina chakumanzere, ndipo timalankhula ndi manja ndi miyendo. Wakutsogolo akaona dzenje amaliloza ndi phazi, wotsatira nayenso chimodzimodzi, mpaka womalizira. Mbuzi ili ndi chizindikiro chake. Munthu woledzera ali pa njinga alinso ndi chake, koma chimenecho sindingakufotokozereni m'kalata.

Malamulo akuluakulu ndi awiri. Loyamba, palibe wosiyidwa panjira. Tayala la mmodzi likaphwa, tonse takhala pansi pa mtengo mpaka limatidwe. Lachiwiri, wotsogolera sapitiriridwa. Akaima, nonse mwaima, zifukwa mufunsa pambuyo. Lachiwirili ndi limene limamuvuta Yobe. Mnyamatayu mtima ndi wabwino, koma dzanja lake lamanja silimva. Akangoona msewu wowongoka amangoti fyuu kudutsa aliyense, kenako timakamupeza kutsogolo atakhala pachiwaya akudya tchipisi, akuti amatiyitanitsiratu. A Chimwaza anamukalipira mpaka kutopa. Ine ndinamuuza mawu anu aja oti kuthamanga sikufika, iye n'kundiyankha kuti, "Koma asisi, ine ndiye ndimayamba kufika."

Ndimasangalala nawo anthu amenewa. Pali malo ena kupitirira Namitete pamene msewu umatsetsereka, minda ili uku ndi uku, mapiri a ku Mchinji akuoneka patali. Tikafika pamenepo ndimayimba nyimbo zanu za kwaya ya amayi mokweza m'chisotimo, ndi mawu anga oipa omwewa, popeza palibe wondimva. M'pamene ndinayambira kusekanso chichokereni inu. Koma ndikafika kunyumba madzulo n'kuvula jombo, chimwemwecho chinkasowa womuuza, chifukwa munthu amene ndinkafuna kumuuza anali ababa.

Ndiye mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, a Chimwaza anati, "Loweruka likubwerali mutitsogolere ndinu, mutionetse kwanu." Kutsogolera ndi ulemu waukulu, sapatsa munthu wamba. Ndinavomera pakamwa pokha. Mukudziwa kuti kuchoka pa Nsaru kupita ku Kabudula njira yathu ija imadutsa pamphuno penipeni pa mudzi. Ndinadzitonthoza kuti tidzadutsa m'mawa ababa ali kudimba, ndipo akadzamva phokoso adzangoti ndi anthu ena. Foni ndinaiponya m'kachikwama ka kumsana pamodzi ndi chitenje chanu chobiriwira chija chamadontho. Chimenecho sindichisiya, poti munkati mkazi sachoka pakhomo wopanda chitenje chifukwa maliro sapangana ndi munthu. Malita anandiyimbira kangapo m'mawa umenewo, koma munthu uli panjinga foni suimva.

Tinayenda bwino mpaka pa Nsaru, n'kulowa msewu wafumbi. Titangokhota pa mkuyu uja pamene chitunda cha kuchigayo chimayambira, ndinaona masamba. Atsopano, ongothyoledwa kumene. Mtima unaima, chifukwa ndinaganiza za ababa. Kenako ndinaona kuti anthu asonkhana kwa a Nangozo. Azimayi anali m'nyumba ndi pakhonde, amuna atakhala pansi pa mango m'mphepete mwa msewu, ndipo pakati pawo panali ababa, chipewa chili pabondo. Onse anali atatembenuka kale, poti phokoso lathu linali litatitsogolera. Chisoti chimabisa nkhope, koma Mavu sabisika, m'mudzi monse palibe mwana amene samudziwa.

Ndinadziwa pomwepo kuti mmodzi yekha mwa anthu a kumbuyo kwanga akangodutsa pa masambawo injini ikulira, ine ndi ababa zathera pomwepo. Tsiku lija anali alendo osadziwika. Lero ndawabweretsa ndine.

Ndinakweza dzanja. Ndinaima ndisanaponde masamba, ndinazima injini, ndinatsika. Chisoti ndinachikoleka pagalasi, n'kutulutsa chitenje chanu n'kumanga pamwamba pa buluku. Kumbuyo sindinacheuke, ndinkaopa. Ndinangogwira Mavu n'kuyamba kukankha, makutu onse ali kumbuyo. Ndinamva injini ya a Chimwaza ikuzima. Kenako ina. Kenako inanso, mpaka inatsala imodzi yokha, ndipo kulira kwake ndinakudziwa. Yobe anasendera pang'onopang'ono mpaka tayala lake linafanana ndi langa. Anakweza galasi la chisoti.

"Asisi, chitunda chonsechi?"

"Chonsechi."

"Ndingodutsa pang'onopang'ono, sindiliza kwambiri."

Sindinamuyang'ane. Ndinati, "Bambo avala jekete lakuda pansi pa mango apo ndi bambo anga. Mayi anga anagona kumanda uko. Ngati ukufuna kudutsa, dutsa." Injini ija inapitiriza kulira kanthawi kamene ine ndinakaona kutalika zedi. Kenako zii. Ndinayamba kumva nkhuku, ndi kulira kwa amayi m'nyumba muja.

Amayi, anyamata amene anayala masamba tsiku limenelo analibe chisoni. Ena anawayala pamkuyu, enawo pamwamba penipeni kupitirira chigayo. Ndipo mchenga wa pamenepo mu Ogasiti mukuudziwa. Tangoganizirani mzere wa anthu akuluakulu a m'tauni, avala majekete achikopa ndi jombo, dzuwa lili pamutu, aliyense akulimbana ndi chitsulo chake. Mphunzitsi uja ankaterereka n'kumapepesa kwa njinga. Makaniko ankatukwana chapansipansi, kenako n'kukumbukira kuti ali pamaliro. A Chimwaza dazi linkanyezimira, kupuma kwawo kukumveka mpaka kutsogolo kumene ndinali ine. Kulira kwa m'nyumba kuja kunayamba kuchepa, ndipo ndinaona amayi ena akusuzumira pansi pa mipango yawo.

Tili pakati pa chitunda, njinga ya a Chimwaza, imene ndi yaikulu kuposa zonse, inalowetsa tayala mumchenga n'kukana. Anaikoka, anaikankha, anainyengerera. Iyo inangopendekeka pang'onopang'ono n'kugona pansi mwaulemu, eni akenso n'kukhala nayo pansi pomwepo. Palibe anaseka, poti ndi pamaliro, koma mapewa a anthu pansi pa mango ankagwedezeka. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anafuna kudzuka kuti akathandize, koma anayamba ayang'ana kaye kwa ababa. Mawu aja ananena pochokera kumanda anu mudzi wonse unkawakumbukira.

Ababa anapatsira chipewa a Lufeyo. Anadzuka ndi bondo lawo lija, n'kutsikira mumsewu. Anandidutsa osandiyang'ana n'komwe, moti ndinati basi, zanga zada. Anapita kwa a Chimwaza n'kunena kuti, "Pepani bambo. Apa ngakhale ngolo zimatitimira. Gwirani uko." Adzukulu anathamanga onse nthawi imodzi, njinga ija n'kudzuka ngati ya mwana. Ababa anawalozera kuti azikankhira m'mbali, m'mene muli nthaka yolimba. Ine ndinapitiriza ndekha, thukuta ndi misozi zitasakanikirana, miyendo itayamba kukana. Mwadzidzidzi Mavu anapepuka. Nditacheuka ndinaona dzanja la ababa lili pampando wakumbuyo, mutu atawerama, akukankha. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Yang'ana kutsogolo iwe, ungatigwetse."

Titafika pamwamba ndinauza anzanga kuti achita zokwanira, akhoza kuliza njinga n'kupitiriza ulendo, ine nditsala. A Chimwaza, akupumabe movutikira, anati, "Mwaiwala lamulo? Palibe wosiyidwa panjira." Anaimika njinga zonse kuseri kwa chigayo n'kubwerera wapansi. Amuna anakakhala pansi ndi amuna anzawo, zikopa zili m'thupi. Mayi wa kubanki uja anabwereka chitenje kwa Malita n'kulowa nane m'nyumba ya maliro. M'menemo ndi m'mene ndinamva kuti a Nangozo anatisiya m'bandakucha wa tsiku lomwelo, ali m'tulo, atadya bwino dzulo lake n'kukalipira zidzukulu zonse mmodzimmodzi. Anapita monga anakhalira, opanda mawu otsala pakamwa. Ndinawalira ndithu, amayi. Ndi iwo anandigwira dzanja tsiku lija inu mukutuluka m'nyumba komaliza.

Chakumasana kunabwera uthenga woti Felesita, mwana wawo uja anakwatiwa ku Kasungu, watsika minibasi pa Nsaru koma wasowa chokwera, akabaza mafuta awathera. Anthu akufunsana kuti atume ndani, ababa analoza Yobe. "Mnyamata wa njinga yofiirayo akuoneka kuti amakonda kuthamanga." Yobe anadzuka ngati waitanidwa kukalandira mphoto. Anakatenga njinga, ndipo anthu onse akuyang'ana anaikankha chitunda chonse kutsika, osaliza mpaka atadutsa mkuyu. Pobwera anaima pamkuyu pomwepo, Felesita anatsika n'kuyamba kulira akuthamangira kunyumba, iye n'kuyambanso chitunda yekhayekha. Atafika anadzigwetsa pansi pafupi ndi ine, anamwa madzi chikho chonse, n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, ulendo wina mudzatitsogolere kumene anthu ake ali ndi thanzi."

Zimene a Chimwaza anakambirana ndi ababa ndinamva kwa a Lufeyo, amene anali pafupi. Akuti a Chimwaza anawauza ababa zomwe anandiuza ine pa Msundwe, kuti sakudziwa ngati anali iwo tsiku lija kapena ena, koma kaya anali ndani, iwo akupepesa. Ababa anawamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anayasama n'kuwaonetsa dzino la kumapeto limene lakhala likuwavuta chiyambire dzinja. A Chimwaza analiyang'ana pomwepo pansi pa mango. Dzinolo linazulidwa sabata yathayi, ndipo ababa akuuza aliyense kuti bambo amene uja kukankha njinga sadziwa koma dzanja lake ndi lopepuka.

Dzuwa litapendeka anzanga anatsanzika, poti mwambo woika unali wa mawa lake. Anakalizira njinga zawo kutali, kupitirira masamba a kumtunda. Ine ndinatsala. Ndinapita kukatenga Mavu kuti ndikamulowetse m'kashedi ka kuchigayo monga mwa masiku onse, ndipo ndinapeza ababa ataima pomwepo, manja ali kumbuyo.

"Ukupita nayo kuti?"

"M'kashedimu, ababa."

"Mmenemo muli fumbi la ufa. Lilowa mu injini."

Anandilanda. Anaikankha okha kutsika kanjira ka kwathu, ine ndikutsatira pambuyo ndi chisoti. Analowa nayo pampanda, anadutsa nayo pabwalo pomwe paja anandibwezera, mpaka pakhonde. Malo anali ochepa chifukwa cha njinga yanu. Anaigwira pachishalo mofatsa, monga ankakugwirirani paphewa mukatseka njira kukhitchini, n'kunena kuti, "Tasunthani pang'ono a Nabanda, mwana wanu wabwera."

Amayi, pamenepo ndinalira kuposa m'mene ndinalirira m'nyumba ya maliro. Ababa anaima akuyang'ana njinga ziwirizo zitagundana mapewa, yanu yowonda ija ndi Mavu. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo. Anati, "Edi, unatsikira pabwino. Koma chitenje unamanga mokhota. Mayi ako akanakubweza."

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. A Nangozo akakuuzani kuti maliro awo anabwera anthu a m'tauni ovala zikopa n'kukhala pansi pafumbi, pamenepo sakuwonjezera, muwavomereze. Muwapatsenso moni, muwauze kuti Felesita anafika nthawi yabwino ndipo nkhuku zawo akusamala ndi Malita.

Chiliza chanu tikumanga soya akagulitsidwa. Ababa asankha kale mmisiri, ndipo akangana naye kale. Anzanga onse akuti adzabwera, ndi Yobe yemwe, amene wayamba kufunsa ngati kumanda kulinso chitunda. Dzana ababa anandifunsa ngati zisoti zimapezeka za mutu waukulu ngati wawo. Akuti amangofunsa. Ine ndawagulira kale, chabuluu, chili m'kabati ku Namitete.

Tsiku la chilizalo masamba sadzayalidwa pamsewu, poti si maliro. Koma ndikukulonjezani kuti mukadzamva chiphokoso chikubwera kuchokera cha ku Nsaru, kenako n'kungoti zii pamkuyu, musadzadabwe. Tidzakhala ife, tikukankha. Ndipo chitenje ndidzamanga mowongoka.

Ndimakusowani tsiku lililonse, ndipo ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu waliuma uja,
Edina